Chaka chimene tinkawerenga zala

Ndili Sitandade 7, ababa anatitumizira TV kuchokera ku Joni. Inafika m'katoni yomangidwa zingwe ngati mbuzi yopita ku msika, pamodzi ndi sola ndi batire. Eni akewo sanabwere. Anali atakhalitsa kumeneko moti mng'ono wanga, yemwe anali asanayambe sukulu, ankangowadziwa mawu a pafoni.

Amayi anaika TV ija patebulo pabalaza n'kuiphimba ndi kansalu koluka. M'mawa uliwonse ankaipukuta, fumbi likhalepo kapena ayi. M'chipindamo munalibe zambiri: mipando itatu, mphasa, ndi chithunzi cha agogo aamuna, bambo awo a amayi, amene anamwalira ine ndisanabadwe. Chithunzicho chinali pamwamba penipeni, pafupi ndi denga, pomwe munthu sayang'ana pokhapokha akafuna kuona ngati pakudontha.

Kwathu ndi kuseri kwa phiri, ndiye masiteshoni sankagwira. Ukayatsa unkangoona timadontho toyera ndi takuda tikuvina. Koma m'katonimo ababa anaikamo fulashi yodzadza ndi makatuni. Munali galu woyendetsa basi, wovala chipewa ndi magolovesi oyera, komanso nkhumba yophika buledi imene inkasiyidwa ndi basi tsiku lililonse. Ankayankhula Chingerezi chothamanga chimene ngakhale aphunzitsi athu sindikhulupirira kuti akanachigwira, choncho nkhani tinkapeka tokha. Tikaweruka kusukulu ana a m'mudzi ankadzadza pamphasa, ndipo tinkaonera mpaka batire italira. Limoti ndinkagwira ine, chifukwa amayi ankati ndine ndekha amene sindigwetsa zinthu.

Amalume ndi achimwene awo a amayi, eni mbumba yathu. Ababa ndi mkamwini, kwawo ndi cha ku Mayani. Sindikufuna kuti wina aganize kuti amalume ndi munthu woipa. Denga la khitchini yathu anafolera ndi iwo, ndipo nditadwala malungo ndili wamng'ono anandikweza panjinga mpaka kuchipatala mvula ikugwa. Kale ankaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Kenaka anayamba kupemphera kutchalitchi china chatsopano ku Chimbiya, ndipo kumeneko anaphunzira za zizindikiro. Anatiuza kuti zinthu zambiri zimene ife tinkangoziona ngati zinthu zili ndi chobisika: nyenyezi ya pa sopo, diso la pa malaya, ngakhale mmene anyamata amapindira zala akamajambulitsa.

Kwathu ankabwera pafupifupi tsiku lililonse kudzatchaja foni pa sola. Tsiku lina akudikira foniyo anakhala pampando kumbuyo kwathu. Galu anali akuimitsa basi, dzanja lili m'mwamba.

"Iwe, taimitsa pomwepo," anandiuza.

Ndinaimitsa. Amalume anadzuka, kufika pafupi ndi TV, n'kuyamba kuloza osakhudza galasi.

"Chimodzi. Ziwiri. Zitatu. Zinayi." Anatembenuka n'kutiyang'ana. "Chachisanu chili kuti?"

Ife sitinkadziwa kuti chasowa.

"Achemwali! Tabwerani mudzaone zimene mukudyetsa anawa."

Amayi analowa akupukuta manja pachitenje. Anayang'ana, n'kunena mwaulemu kuti, "Achimwene, ameneyotu ndi galu."

"Galu wa kuti wovala magolovesi? Akubisa chiyani?"

Anandiuza kuti ndipitirize, ndiimitsenso pa nkhumba. Nayonso zinayi. Kondakitala, yemwe anali bakha, zinayi. Amalume anakhala pansi mwakachetechete ngati munthu amene wapeza zimene ankaopa. Anafotokoza kuti abusa awo anaziphunzitsa kale zimenezi. Anthu ojambula zidolezi ndi asataniki, anapereka chala ngati chizimba kuti alemere, ndipo chidole chilichonse amachichotsa chala kuti ana azolowere. Mwana akazolowera, tsiku lomupempha chala chake sadzadabwa.

Ndinapinda manja anga n'kuwabisa m'khwapa.

Sabata isanathe, pamphasa panatsala ine ndi mng'ono wanga. Makolo anaitanitsa ana awo. Amayi sanatsutsane ndi achimwene awo; anangoti kansalu kazikhala kotsitsa amalume akakhala pafupi, ndipo tizichepetsa mawu. Foni ya amalume inapitiriza kutchajidwa. Anati sola ilibe mlandu, dzuwa ndi la Mulungu.

Ine ndinatenga matenda owerenga zala. Ndinkawerenga za aphunzitsi akamalemba pabolodi, za amayi ogulitsa kabichi, za aliyense wondipatsa moni. Sindinkafuna, maso ankangochita okha. Lamulungu lina ndinawerenga za chiboliboli cha woyera wina m'tchalitchi chathu chaching'ono, ndipo ndinapeza kuti chala chimodzi chinabenthuka. Ndinagwada nthawi yaitali kumupepesa, osadziwa ngati ndikupepesa chifukwa chowerenga kapena chifukwa cha zimene ndapeza.

Ababa anabwera mwezi wa Juni, nkhungu itatseka phiri lonse. Anatsika basi pa Chimbiya, n'kufika pakhomo pa njinga yamoto ya kabaza, chikwama chachikulu chili pamiyendo. Anali atavala jekete ndi magolovesi otuwa aubweya. Palibe anadabwa, kunkazizira zedi. Anthu obwera kudzawalonjera ankawaseka kuti ku Joni kwawafewetsa. Mng'ono wanga anabisala kumbuyo kwa amayi, akusuzumira mlendo amene anali ndi mawu a pafoni.

Amayi anapha nkhuku n'kutuma mwana kukaitana amalume. Chakudya chitaikidwa, ndinalowa ndi jagi ya madzi ofunda ndi beseni. Ndinagwada kwa amalume, anasamba. Ndinasendera kwa ababa. Anavula golovesi ya kumanzere. Ya kumanja anaivula pang'onopang'ono, ndipo m'kati mwake munagwa kapepala kopindapinda, kanagwera m'beseni n'kumayandama.

Ndinawerenga. Ndinawerenganso. Kachala kakang'ono kakumapeto kunalibe, panali chipsera chosalala. Madzi ena a m'jagi anatayikira pa nsapato zawo.

Mng'ono wanga anali atayandikira kuti aone. Nkhope yake inawala.

"Amayi! Ababa ali ngati galu wa basi!"

Aka kanali koyamba kuti awatchule ababa pamaso pawo.

Amalume anayang'ana dzanjalo, kenaka TV yophimbidwa ija, kenaka dzanjalo. Anapukuta manja awo pa buluku n'kunena kuti akumbukira kuti lero akusala kudya. Anali atasamba kale m'manja, nthutumba ili mbali yawo ya mbale. Anazula foni pa tchaja n'kutuluka.

Ababa anafotokoza akuyang'ana m'beseni. Ankagwira ntchito pamalo ochekera matabwa, ndipo tsiku lina makina anawagwira. Sananene pafoni kuti amayi asade nkhawa. Amayi anagwada, anatenga dzanjalo, analitembenuza uku ndi uku ngati akusankha mbatata ya mbewu. Kenaka anati, "Idyani, nkhuku ikuzizira."

M'mudzi masamu ake sanavute. TV, sola, malata atsopano, chala. Ndikafika pamjigo nkhani inkaduka, amayi ena n'kuyamba kufunsana za mtengo wa feteleza. Amuna ankalonjera ababa manja ali m'thumba, ati kuzizira. Amayi ena anabweza suwiti amene ababa anapatsa mwana wawo, atakulungidwa papepala, kuti asawakhudze. Mng'ono wanga yekha ndi amene ankanyadira. Ankauza aliyense wodutsa pamsewu, ndipo amayi akamukalipira ankadabwa kuti chabwino chotere tikubisiranji.

Kenaka amalume anatumiza mawu. Anati pofuna kuteteza mbumba, alamu awo abwerere kaye kwawo ku Mayani mpaka nkhaniyi itaoneka bwino. Mawu akuti "kaye" ndinkawadziwa. Ku Joni nakonso ababa anapita kaye.

Ababa anangopitiriza ntchito zawo. M'mawa ankatenga khasu n'kupita kudimba kukathirira kachewere, madzulo n'kubwera. Chikwama chawo sanachimasule chonse, chinali pansi pa bedi, zovala zili m'kati. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira kuchipinda ndisanavule yunifolomu, kugwada, n'kusuzumira ngati chilipo. Masiku amenewo mng'ono wanga anali atangoyamba kukhala pamiyendo pawo. M'kope limene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku, masamba a sabata imeneyo ali ndi nyengo ndi ndiwo zimene tinadya basi. Zinazo ndinkaopa kuti ndikazilemba zichitika.

Amayi anati mwamuna sachoka pamudzi ngati nkhuku, ankhoswe akhale pansi kaye. Anaitanitsa abambo aakulu, achimwene awo a ababa, kuti abwere Loweruka. Lachisanu anandiuza kuti ndikonze pabalaza, alendo asaone ngati tikukhala m'khola. Ndinasesa, ndinakolopa, ndinachotsa akangaude. Kenaka ndinakwera pampando kuti ndipukute chithunzi cha agogo.

Ndinali ndisanachionepo pafupi. Agogo anakhala pampando wa kojambulitsa, atavala jekete yaikulu, manja onse ali pamaondo, zala zotambasula monga amachitira anthu akale. Maso anga anachita zimene anazolowera. Kumanja zisanu. Kumanzere ndinawerenga katatu.

Amayi ndinawapeza m'khitchini akusenda kachewere. Ndinakhala pafupi nawo.

"Amayi, agogo aamuna anali ndi zala zingati?"

Mpeni unaima. Anayang'ana kukhoma kwa kanthawi, kenaka anaseka pang'ono m'mphuno.

"Lamba wa chigayo. Ali mnyamata, ife tisanabadwe. Ndinali nditaiwala."

"Amalume akudziwa?"

"Ndani amawerenga zala za bambo ake?"

Atanena zimenezo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

Anamaliza kusenda, anasamba m'manja, anatenga mwala n'kulowa pabalaza. Anazula msomali pamwamba paja n'kuukhoma m'munsi, pamwamba pa TV pang'ono. Anapachika agogo pomwepo, anabwerera m'mbuyo kuti aone ngati chawongoka, n'kubwerera kukhitchini.

Abambo aakulu anafika Loweruka m'mawa panjinga yakapalasa, atavala chijasi chofika m'maondo. Ndi munthu wochedwa kuyankhula, wa maso oseka. Pankhani za ankhoswe ana sakhalapo, ndiye ine ndi mng'ono wanga anatitumiza kwa anansi. Koma pasanapite nthawi anandiitana. Amalume ankafuna kuonetsa umboni, ndipo akuluakulu anayi onsewo palibe ankadziwa poimitsira.

Ndinagwada pakona ndi limoti. Amayi anali pamphasa pafupi ndi khomo, ababa pampando, manja ali pakati pa miyendo. Kunja nkhungu inali isanachoke, ndipo sabata yonseyo dzuwa linali lisanaoneke bwino.

"Tiyeni mboniyo ilowe," anatero abambo aakulu.

Ndinachotsa kansalu n'kuyatsa. Galu anatulukira ndi basi yake, nkhumba ikuthamanga m'mbuyo ndi dengu la buledi.

"Imitsa," anatero amalume.

"Tadikirani kaye," anatero abambo aakulu, atasendera kutsogolo. "Ndione ngati mayiyu akwere."

"Sitinabwerere zimenezo."

"Pepani, pepani. Koma dalaivala ameneyu ndi wamwano ngati a pa Chimbiya."

Ndinaimitsa, koma dzanja la galu linali likuyenda, silinaoneke bwino. Ndinabweza. Ndinaimitsanso. Kachitatu galu anaima dzanja lili m'mwamba, zala zonenepa zoyera zili poyera.

Amalume anawerenga mokweza. Kenaka anati, "Alamu, tayikani lanu pambali pake."

Ndinkaganiza kuti ababa akana. Anadzuka, anagwada patsogolo pa TV imene anagula okha, n'kutambasula dzanja lawo pafupi ndi la galu. Kuwala kwa galasi kunawalitsa chipsera chija. Ndinayang'ana mabatani a limoti kuti ndisalire.

"Zinayi uku, zinayi uku," anatero amalume. "Ine sindikunamizira munthu. Maso muli nawo."

Abambo aakulu anagwedeza mutu. "Zoona, zikufanana. Koma mchira mng'ono wangayu alibe. Ndinamusambitsapo ali khanda."

Amalume sanaseke. "Chalacho chili kuti, alamu?"

"Chinatsala kuchipatala."

"Simunachiitanitse?"

"Ndinali nditakomoka, alamu."

"Ndiye simukudziwa amene anachitenga."

"Sindikudziwa."

Amalume anaimirira. Anayamba kufotokoza bwinobwino, ndi mawu awo a besi aja, kuti iwo sakudana ndi munthu, koma ana awa ndi awo, ndipo tsiku lomaliza adzafunsidwa za iwo. Ndikukhulupirira kuti ankanena zochokera mumtima. Anali ndi mantha enieni, ndipo thukuta linkatuluka pamphumi pawo kukuzizira chotero. Ali m'kati molankhula batire inalira, galasi linathima, galu anasowa.

Tonse tinali tikuyang'ana pamalo amodzi. Pamalopo patada, maso anakwera pang'ono.

Amalume anasiya mawu pakati. Anayang'ana bambo awo. Ine ndinali pakona, ndinkawaona cham'mbali, ndipo ndinaona milomo yawo ikuyenda popanda mawu. Ndinadziwa chimene akuchita, chifukwa inenso milomo yanga imayenda choncho. Anafika kumapeto, anayambiranso.

"Ndangowatsitsa dzulo," anatero amayi ali pamphasa, akuyang'ana zikhadabo zawo. "Pamwamba paja pamadontha."

Unali mwezi wa Juni. Palibe anafunsa kuti pamadontha chiyani.

Abambo aakulu anayang'ananso chithunzicho. "Aa, ndi madala aja awa. Dzanja limeneli ndinaligwirapo tsiku lodzafunsira mbeta. Munthu wabwino zedi. Malo a nyumba inoyi anatilozera okha."

Za chala sananene. Palibe anazinena, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Amalume anakhala pansi. Anatulutsa kansalu m'thumba, anapukuta nkhope, anakapinda bwinobwino.

"Nkhani imene ndinabweretsa ine ndi ya zidolezi," anatero pomaliza. "Za anthu sindinanenepo."

"Simunanenepo," anavomera abambo aakulu.

"Simunanenepo, achimwene," anateronso amayi.

Ababa anali akadali chogwada patsogolo pa TV. Anadzuka, anasasa maondo, n'kunena kuti, "Ndi zoona, alamu."

Choncho mlandu wonse unagwera galu. Anagwirizana kuti makatuni asaonetsedwenso m'nyumba muno, ndipo amalume anandiuza kuti ndizule fulashi ndiwapatse. Anailandira ndi kansalu kawo ka m'thumba kaja, osaikhudza, kuti akaitenthe kutchalitchi kwawo. Abambo aakulu anaiperekeza ndi maso mpaka inalowa m'thumba, n'kufunsa motsitsa mawu ngati nkhumba ija imakwera pamapeto pake. Ndinawauza kuti siikwera. Anati ankadziwa.

Amayi anali ataphanso nkhuku ina. Ndinalowa ndi jagi ndi beseni. Ndinayamba ndi abambo aakulu, kenaka amalume, kenaka ababa, beseni lomwelo. Panthawiyi madzi sanatayikire munthu pa nsapato. Amalume sanali kusala kudya. Anatenga nthutumba n'kuikankhira mbali ya ababa, ababa n'kuibweza, amalume n'kuikankhanso, mpaka abambo aakulu anaitenga n'kuidya kuti nkhani ithe. Potuluka amalume anafunsa ngati batire ingadzuke mawa dzuwa likawala, chifukwa foni yawo inali itathima kwa masiku.

Lolemba nditaweruka ndinathamangira kuchipinda monga mwa masiku onse. Pansi pa bedi panalibe kanthu. Kenaka ndinachiona chikwama chili pamwamba pa kabati, chophwa, ndipo malaya a ababa anali pachingwe pamodzi ndi zitenje za amayi.

Mng'ono wanga analirira galu wake masiku angapo. TV inabwerera ku timadontho take, ndipo amayi anapitiriza kuipukuta m'mawa uliwonse. Agogo sanabwererenso pamwamba paja. Ana a m'mudzi nawonso anatengera zowerenga zala, koma poti makatuni kunalibe, zinangotha zokha nthawi yokolola kachewere itafika.

Tsiku lina madzulo, dzuwa likadalipo, ababa anandipatsa golovesi ya kumanja. Anati kachala kopanda kanthu kaja kamakola pa mpini ndiponso atopa ndi kuikamo mapepala. Anandipempha kuti ndikadule ndi kusoka, popeza amamva kuti ndili ndi dzanja labwino pa singano. Ndinadula ndi lumo, ndinasoka tizigamba ting'onoting'ono kuti mphepo isalowe. Ndili pafupi kumaliza ndinazindikira chimene ndikupanga, koma ababa anali akudikira, ndiye ndinamanga ulusi n'kuudula ndi mano.

Anaivala, anatambasula dzanja, anati yakwana bwino. Mng'ono wanga ataiona anasiya zimene ankachita. Anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi chipewa cha ababa ndi chivindikiro cha poto. Anawakhazika pabenchi pakhonde, chipewa kumutu, chivindikiro m'manja, iye n'kukhala kumbuyo kwawo. Ine anandipatsa dengu n'kundiuza kuti ndine nkhumba, ndizithamanga.

Amalume anatulukira pakona ya nyumba, foni ili m'manja. Ababa anali ataimika dzanja m'mwamba, akuimitsa basi. Amalume anaima. Anayang'ana kuphiri nthawi ndithu, n'kunena kuti chaka chino kuzizira kwanyanya.

"Kwanyanya, alamu," anatero ababa. "Mukwera?"

Amalume anati ayi, akungodzatchaja foni.